Gadiyani Wanga wa Papepala

Amene ndinayamba kuona magazi pochita chimbudzi ndine, koma amene anayamba kuunikidwa m'matumbo ndi asisi anga, munthu woti sankamva kupweteka paliponse. Mpaka lero ndikaganiza mtima umachita kuwawa, ngakhale ndikudziwa kuti sanandilakwire chilichonse.

Bambo athu anamwalira kumudzi ndi khansa ya m'matumbo asanakwane zaka fifite. Ife awiri tinali kale kuno ku Cape Town, asisi akugwira ntchito ya m'nyumba ku Camps Bay, ine ndikuluka anthu tsitsi ku Delft. Tsiku lina asisi akusita anangotchula za matenda a bambo, basi madamu awo anasiya zonse. Akuti matenda amenewa amayenda kumtundu, ukaunikidwe msanga. Sabata yomweyo deti inapezeka kuchipatala cha pulayiveti, zolipira zonse madamu.

Asisi anandiimbira. "Iwe wa pafoni, tandiuza, kolonosikopi ndi chiyani?"

Aaa, anafunsa mwini wake! Ine sukulu ndinalekezera fomu thu, koma foni yandiphunzitsa zonse, Chizungu, maluko, ngakhale kukonza ketulo. Ndipo nkhani imeneyi ndinali nditaiwerenga kale miyezi itatu mwakabisira, chifukwa cha magazi aja. Mavidiyo ndinaonera mpaka deta kutha. Ndinawayalira ngati dokotala. Pali njira yongopereka chimbudzi m'kabotolo akayeze. Pali yolowetsa kapaipi ka kamera kumbuyo uli maso. Ndiye pali kapaipi komweko koma atakugonetsa.

"Kumbuyo kwake kuti?"

"Kumbuyo komweko, asisi."

"Mayo ine! Nanga kabotolo kaja?"

"Kabotolo n'ka anthu oti kwawo kulibe matendawa. Inu bambo anu anafa nawo. Kamera basi."

"Bambo anga ndekha? Nanga iwe?"

"Ine ndikadali mwana, zimenezo n'za inu a zaka fote."

Pamenepo ndi pomwe ndikanawauza. Sindinawauze. Munthu umayambira pati kumuuza mkulu wako za kotulukira chimbudzi? Komanso, ndisaname, mtima unali utada kale. Ndinkafuna azindikire okha, andifunse kachiwiri. Sanafunse. Anangoti, "Andigonetse ndithu, ine ndili maso sindingathe. Iwe ukhala gadiyani."

Kwathu wodwala sapita kuchipatala yekha. Pamakhala gadiyani womusambitsa, kumuphikira, kugona pansi pafupi ndi bedi. Ndiye ine ndinanyamuka ndi bulangeti, beseni, zitenje ziwiri, fulasiki ya phala, matakisi awiri mpaka kutauni. Kufika, chipatala chake ngati hotela, maluwa patebulo. Nesi anayang'ana beseni langa, n'kumwetulira, n'kundiuza kuti ndikamwe khofi andiimbira. Madamu ali pomwepo atawagwira asisi dzanja. Asisi atavala kagauni ndi masokosi opatsidwa konko, atafunda bulangeti lotenthetsa. Lotenthetsa! Ine ndili pampando, beseni pamiyendo.

Patatha maola awiri asisi anadzuka akuseka, ati, "Ayamba nthawi yanji?" Anthu atatsiriza kalekale. M'matumbo mwawo munalibe kanthu, abwerenso pakatha zaka zisanu. Anawapatsa tiyi, sangweji, ndi zithunzi za matumbo awo. Pa gulupu ya anthu akwathu mauthenga anali mbwee, timanja topemphera tokhatokha. Ine ndinaika kamtima kamodzi n'kuzimitsa foni. Ineyo, kuzimitsa foni!

Magazi sanasiye. Ndinakaima pamzere kukiliniki, nditafika kwa nesi ndinapempha kabotolo, chifukwa kabotolo sikafuna woperekeza. Nesiyo, mayi wachikhosa wosanyengerera, anavula magalasi.

"Sisi, kabotolo kamafufuza magazi osaoneka. Iwe ukuwaona ndi maso ako. Tikayezenso chiyani?"

Anandilembera kalata ya kuchipatala chachikulu cha boma. Kumeneko anandipatsa deti ya miyezi inayi kutsogolo, mapaketi a mankhwala otsuka m'mimba, ndi fomu. Anandiuza momveka bwino: ukafuna mankhwala ogonetsa ubwere ndi munthu wamkulu wokutenga, sungakwere takisi wekha mutu uli zunguli. Ngati ulibe munthu, tipanga uli maso, ambiri amapirira.

Miyezi inayi imeneyo ndinaithera pa makomenti a pa intaneti. Ndikuluka munthu, foni ili pamwamba pa galasi, ndikuwerenga. Wina akuti uli maso zili ngati mpweya wa m'mimba chabe, umaonera wekha pa sikirini, ukatha umanyamuka n'kupita kuntchito. Wina akuti anakuwa kuposa tsiku lobereka. Wina akuti zimatengera dzanja la dokotala. M'mawa ndimasankha kukhala maso, masana ndimasankha kugona. Kukhala maso kunali kwanzeru, ndikuvomera. Palibe akanadziwa, ndipo ndikanaona zonse ndekha, ine wokonda kuona. Koma nthawi zonse ndikafika pamenepo ndimaona asisi akudzuka akuseka. Iwo anagona. Ine ndivutikirenji? Bambo anali mmodzi, matumbo ndi amodzimodzi. Si makomenti amene anandisankhira, ndi nsanje. Ndinachonga pa kugonetsa.

Pa mzere wa wodzakutenga ndinalemba nambala ya asisi, osawauza. Kuno tonse timatero. Fomu ya kiliniki, ya lendi, ya ntchito, pamene pakufunika wachibale umangolemba nambala imene waikumbukira, palibe amaimba. Ine ndekha ndalembedwapo kukhala mchemwali wa anthu asanu, foni yanga sinalirepo. Pulani yanga inali yoti ndikadzuka ndinene kuti asisi ali pageti, ndizipita. Deti inali Lachinayi, iwo amapuma Lamulungu lokha, ndipo sindinkafuna akapemphe kwa madamu, madamu ayambe kundimvera chisoni ine wa ku Delft.

Dzulo lake ndinamwa mankhwala aja. Ngati madzi amchere othira ndimu yowola. Asisi pa tsiku lawo anali ndi chimbudzi chawochawo m'chipinda mwawo. Ine chimbudzi chili panja, mabanja atatu. Ulendo wachisanu ndi chimodzi mayi wa nyumba yoyandikana anangondipatsa kiyi, ati khala nayo.

Lachinayi m'mawa ndili pabedi, kagauni kotseguka kumbuyo, singano ili kale padzanja. Nesi wina anabwera ndi fomu yanga n'kunyamula foni ya patebulo.

"Mukuimbira ndani?"

"Wodzakutenga. Sitigonetsa munthu tisanamve mawu ake."

Ndinamva mawu a asisi chapatali, akufunsa kuti ndani, chipatala chiti. Nesi anatembenukira kwa ine. "Akuti sakudziwa chilichonse." N'kundipatsa foni.

"Iwe, uli kuti?"

"Kuchipatala, asisi. Palibe vuto, ndi kamera yomwe ija."

"Kamera? Si unati ukadali mwana?"

"Ndimatuluka magazi."

"Kuyambira liti?"

"Chaka chatha."

Ndinkamva makina ochapira akuzungulira kumbuyo kwawo.

"Ndiye tsiku unandiperekeza lija unali ukutuluka magazi? Ukundithirira phala, ukuseka?"

"Simunandifunse."

"Ndikufunse? Ndine mneneri ine? Mwana iwe uli ndi mtima woipa!"

Nesi anatenga foni yake. Anati ndisankhe. Apange pompano ndili maso, kapena andiike kumapeto kwa mndandanda. Koma ikakwana wani koloko munthu wanga asanafike, ndibwerera kunyumba, deti ina miyezi ina, mankhwala amchere aja kumwanso. Asisi anakuwa pafoni, mpaka bambo wa bedi linalo anamva: "Usayerekeze! Dikira!"

Ndinadikira. Njala, ludzu, foni ili m'kabati yokhoma. Anthu ankalowa, n'kutuluka akuyasamula, abale awo akuwagwira mkono. Mtsikana wina mwamuna wake ankamuveka nsapato, ndinachita kutembenukira kukhoma. Kawiri konse ndinatsala pang'ono kuitana nesi kuti basi pangani ndili maso, asisi akafika apeze ndatha, aone kuti sindimawafuna. Koma mantha anali aakulu kuposa matama.

Anafika kutatsala mphindi makumi awiri, ali mu yunifomu ya kuntchito, epuloni osavula. Madamu kunalibe, asisi anangosiya zovala m'makina n'kuthamangira takisi. Moni sanandipatse. Anasaina fomu, n'kundikokera gauni kuti nditseke kumbuyo.

Kuchokera pamenepo sindikukumbukira kanthu. Akuti dokotala anabwera nditadzuka, anafotokoza zonse, ine ndikugwedeza mutu n'kumamuuza kuti tsitsi lake likufunika mafuta. Nzeru zinabwerera tili mu takisi, mutu wanga uli paphewa pa asisi.

"Apeza chiyani?"

"Kachotupa. Akadula, akatumiza kukayeza."

"Kakakulu bwanji?"

"Ngati mtedza."

"Mamilimita angati?"

"Ine ndidziwe mamilimita? Ndati ngati mtedza."

"Dzina lake anati chiyani?"

"Anatchula Chizungu chachitali."

"Simunafunse?"

"Ndinafunsa ngati ungadye. Anati ungadye."

Ndinafuna kulira. Chaka chathunthu ndikuwerenga, mafunso khumi ndi awiri nditalemba m'foni, dokotala n'kukafotokozera munthu wosadziwa kuti kumbuyo kwake n'kuti.

"Ndipatseni pepala ndione."

"Lili m'chikwama mwanga, likhala momwemo. Foninso upatsidwa mawa. Anena kuti lero usasaine kanthu, usaphike, usasankhe chilichonse. Wasankha zokwanira."

Patatha masabata atatu tinabwerera limodzi kukamva zotsatira, asisi atapempha okha tsiku kwa madamu. Sikanali khansa, koma kanali ka mtundu woti kakanasiyidwa kakanafika kumeneko. Ndibwerenso pakatha zaka zitatu, iwo zisanu. Mafunso anga ndinafunsa onse khumi ndi awiri. Dokotala ankayankha akuyang'ana asisi.