Nyani Wopenta wa Paloji

Lemba m'Chichewa chako chomwecho, poti Chitonga sunachiyamwe, makolo ako anakulerera ku Lilongwe. Changachi ndi Chichewa cha pamsika ndi cha m'minibasi. Pomwe chapindika uwongole, koma nkhaniyo usaiwongole ayi.

Zinali matipate atangolowa kumene, azungu a malole akuluakulu aja atayamba kuchuluka ku Kande. Agogo ako aamuna anali atamwalira, ndiye ine ndinapeza ntchito yochapa mashiti ndi matawulo paloji ina, njira yopita ku Tukombo. Mwini wake anali dona wachizungu, woonda ngati nsungwi, wosuta fodya kuposa msodzi. Iyeyo anthu sankawakonda kwenikweni, ankakonda nyama. Kuseri kwa khitchini anamangitsa khola lalikulu la waya, m'menemo n'kumasungamo zinyama zomwe walanditsa kwa anthu: apusi angapo, ndi nyani wamkazi mmodzi. Kwathu kuno timati munkhwele, koma iwe lemba nyani.

Nyaniyo anamupeza pa bala ina m'mbali mwa msewu, atamumangirira pamtengo. Madalaivala ankamumwetsa mowa kuti aziseka akamadzandira. Chingwe chinali chitalowa m'chiuno mpaka mnofu unamera pamwamba pake. Dona atachidula, anafuna munthu woti azitsuka balalo, anyamata onse anakana. Ine ndinati bala ndi bala, ndatsukapo a ana anga. Basi kuyambira pomwepo nyani anakhala wanga, ntchito yochapa ili pomwepo, malipiro osasintha.

Tsiku lina dona anandiitana n'kundionetsa chithunzi m'buku. Munali anyani akuda bii, akuluakulu ngati anthu, opanda mchira, akuti a kumaiko a nkhalango uko, dzina lawo chimpanzi. Nawonso akuti anawalanditsa kwa anthu n'kuwamangira malo owasungira, ndiye kumeneko ankawapatsa penti ndi burashi n'kumapenta pansalu, anthu n'kumagula. Dona anati, nafenso tiyese.

Apusi anangodya pentiyo, mawa lake khola lonse zitosi zobiriwira. Koma nyani wanga, iwe! Ananunkhiza burashi, kuiluma pang'ono, kenako anaiviika m'chitini n'kukoka mzere pansalu. Anabwerera m'mbuyo, kuuyang'ana, n'kukokanso wina. Ankakonda wofiira ndi wabuluu, wachikasu ankaukankha ndi phazi. Ankayambira pakona imodzi, kudzaza pamenepo mpaka kuda, kwinako n'kungokhwatcha kamodzi kapena kawiri. Ukafuna kuchotsa nsalu asanamalize, ankakuonetsa mano. Akamaliza ankataya burashi pansi osayang'ananso.

Khukhi wapalojipo anali bambo wa ku Mulanje, wapakamwa. Ankabwera ndi chipande m'manja n'kuima pawaya.

"Ama, mwana wanu wajambula chiyani lero? Ngozi ya minibasi?"

"Wajambula supu wanu wadzulo uja, ada."

"Aaa, ndiye agule azungu, poti supuyo anamubweza!"

Ndipo ankaguladi. Nsaluzo dona ankazipachika m'chipinda chodyeramo, alendo n'kumaima kutsogolo kwake atagwira chibwano ngati ali pamaliro. Anyamata a kugombe aja, amene amapenta mabwato ndi amayi osenza mitsuko, anapsa mtima. Ankandikuwiza ndikamadutsa kuti ndikamufunse mwana wanga ngati akufuna wantchito womutsukira maburashi.

Pomuitana kuti adzapente tinkagogoda chitini ndi mpini wa burashi, ngo ngo ngo. Akamva ankatsika pomwe ali, kuthamanga, kukhala pansi n'kutambasula manja. Akamaliza ndinkamutsuka ndi madzi ofunda, poti penti wa dona anali wosavuta kuchoka. Ankandipatsa dzanja ili, kenako linali, kenako n'kutembenuka kundipatsa msana ngakhale kulibe penti, maso atatsinzina. Ndikatha iye ankandivula duku n'kumandisaka nsabwe m'mutu. Usaseke, ndinalibe nsabwe ine. Kwa anyani kumeneko ndiye kucheza, ndipo iye wocheza naye analibe. Apusi ankamuthawa. Anyani anzake akalira kuphiri, ankakwera pamwamba pa khola n'kuyankha mpaka mawu kusasa.

Kenako dona anadwala chifuwa, anagulitsa loji n'kubwerera kwawo. Anandikumbatira akulira, akuti bwana watsopano walonjeza kusamala nyama. Bwanayo anali wa m'tauni, wa nsapato zosongoka. Dona asanafike n'komwe kwawo, iye analamula kuti khola ligwetsedwe, pamenepo amangepo zipinda zogona alendo. Apusi atawatsegulira anangoti mbwee m'mitengo. Nyani sanapite. Anakhala pakhomo la khitchini n'kumadikira chitini. Analanda mkate wa mlendo wina patebulo, bwana n'kuti aphedwe.

Tsiku limenelo alamu anga, mng'ono wawo wa agogo ako, anali atabweretsa nsomba paloji. Atamva anati, "Bwana, musaononge chipolopolo. Tipatseni ife, tili naye ntchito."

Uyenera kudziwa kuti chaka chimenecho anyani anatiliritsa. Minda yathu ya chinangwa cha nsima yathu ya kondowole, wanga ndi ya abale a agogo ako, inali m'munsi mwa phiri, ndipo gulu lalikulu linkatsika tsiku ndi tsiku. Nyani sadya ngati munthu. Amazula phata, kuluma kamodzi, kutaya, kuzula lina. Munthu wamkazi ukawakuwiza amangokuyang'ana akutafuna. Ndiye makolo anatisiyira njira. Mumagwira nyani mmodzi wamoyo, kumupaka zoyera thupi lonse, n'kumumasula. Iye amathamangira kwa anzake. Anzakewo akaona chinthu choyera chikubwera amathawa, iye n'kumawatsatira, iwo n'kumathawabe, mpaka onse kukagwera kuseri kwa mapiri. Chovuta ndi kumugwirako, poti nyani wakutchire amang'amba munthu. Apa nyani anapezeka waulere.

Ndinati, "Alamu, ameneyu phiri salidziwa. Wakulira pachingwe ndi m'khola."

"Ndiye tikamuphunzitsa, alamu. Kodi si uja amalirira anzake tsiku lililonse? Tikumuperekeza kwawo."

"Mukumuperekeza atavala nsanda?"

Anaseka. "Mwayamba kulira maliro a munkhwele ana anu ali ndi njala? Kondowole mukamutenga kuti, kwa dona?"

Ndinapita kwa bwana kuti andipatse ine ndikamusunge kunyumba. Anandifunsa ngati ndamaliza kuchapa.

Nyani anapatsidwa kwa alamu, ndipo anachita zimenezo m'mawa mwake, kumunda. Kale ankapaka laimu kapena dothi loyera, zochoka ndi mvula, koma alamu anati za masiku ano n'zolimba, anabweretsa penti wa maboti. Amuna anabwera ndi maukonde, zibonga ndi masaka, atakonzeka nkhondo. Khukhi anali atawauza kale za chitini, mongocheza, ndiye mmodzi anangoyesa kugogoda. Nyani anachoka pambali panga, kuthamanga, kukhala pansi pakati pawo n'kutambasula manja.

Amuna aja anaseka mpaka ena kugwa pansi. Iye anawapatsa dzanja ili, kenako linali. Anatembenuka kuwapatsa msana, maso atatsinzina. Anafuna kulanda burashi, alamu n'kumupatsa dala, iye n'kudzipaka yekha pamimba. "Onani, katswiri akutithandiza!" Pankhope pokha m'pamene analira, penti atamulowa m'maso. Atamaliza anabwera kwa ine kuti ndimutsuke monga mwa nthawi zonse. Alamu anaima pakati pathu ndi chibonga.

Dzuwa litakwera pang'ono gulu linatsika. Ife tinali titabisala m'tchire. Iye ataona anzake aja pafupi, popanda waya pakati, analira kulira kwina komwe ndinali ndisanakumvepo, n'kuliyatsa liwiro kupita kwa iwo. Chimphongo chachikulu chinakuwa kamodzi, basi phiri lonse linagwedezeka. Amayi kunyamula ana, miyala kugubuduka, onse kukwera. Iye pambuyo, woyera mbuu, akuitana. Tinamva mawu ake akuchepa mpaka kuseri. Amuna anavina m'mundamo.

Nyani wanga anabwerera patapita masiku, ali yekha, nthiti zili pamtunda, mapazi ali magazi. Paloji anamuponya miyala. Kumudzi agalu. Anakakhala pamwala waukulu uli m'mphepete mwa munda wanga. Ndinapita ndi parafini ndi sopo, ndinangopukuta dzanja limodzi, ubweya unayamba kusosoka pamodzi ndi khungu, iye akulira koma osachotsa dzanja. Ndinaleka. Alamu atamva fungo la parafini pa ine anati ndikayesanso akandisumira kwa abale onse kuti ndikufuna kupha mudzi ndi njala, munda wa malemuwo andilande.

Kenako anaona kuti kubwerera kwakeko ndi mwayi. Gulu likangoti liyese kutsika, iye ankalumpha pamwala kuthamangira kukawalonjera, iwo n'kuthawa. Mlonda wosafuna malipiro. Alamu analamula kuti azimuponyera makoko a chinangwa ndi nthochi zowola, zongokwanira kuti asafe komanso asachoke. Anthu a midzi ina ankabwera kudzaona. Wina wa ku Mpamba anafuna kumubwereka.

Koma ubweya umakula, mwana wanga. Patapita miyezi woyera uja unayamba kuthothoka, kumsana kunayamba kuoneka kotuwa ngati nyani weniweni. Ine ndinkaona, poti ndinkapita m'mawa uliwonse kukapalira, ndipo iye anali ataleka kuthamanga kwambiri. Anaphunzira kuyenda pang'onopang'ono, kukhala, kuyang'ana kumbali ngati sakuwafuna, kusuntha pang'ono. Gulu linkakhala chapatali osathawa. M'mawa wina ndinaona kamwana ka nyani kakutsika mwala ndi mwala. Kanamukhudza mchira n'kuthawa. Kanabweranso. Kenako kunabwera wamkazi wamkulu, kukhala kumbuyo kwake, n'kuyamba kumutola zotsalira za penti kumsana, kamodzikamodzi. Iye anangouma, osapuma n'komwe. Ine khasu ndinaliika pansi kuopa phokoso.

Sindinauze munthu. Koma chinangwa chimanena chokha. Mapata ozulidwa anayamba kupezeka m'munda mwa alamu, iwo n'kubwera kudzayang'ana pamwala paja.

"Ohoo, yunifolomu ya mlonda yatha. Tim'gulire ina."

Ndinawagwira mwendo, ine munthu wamkulu, mkazi wa mkulu wawo. Ndinati, "Alamu, anzake amulandira. Musiyeni apite nawo, ine ndizilondera ndekha munda wanu, kuyambira m'mawa mpaka madzulo."

"Inu anyani amakuopani? Kapena tikupakeni inuyo?"

Amuna amene anali nawo anaseka. Tsiku limenelo nyani anali chapamwamba, pakati pa anzake, woti sakanamugwira ngakhale atabwera mudzi wonse. Ndinkapemphera mumtima kuti akhale ataiwala za chitini. Alamu anagogoda chitini. Ndinamuona akudzutsa mutu. Anayang'ana wamkazi uja, anayang'ana kumunsi. Anatsika.

Ulendo uno anamupaka mochindikala, mpaka m'makutu.

Atamumasula anakwera pang'ono, gulu linabalalika ngati poyamba, wamkazi uja patsogolo. Iye sanawatsatire. Anabwerera pamwala wake n'kukhala. Kuyambira tsiku limenelo sanathamangirenso nyani aliyense. Ndikamubweretsera mbatata ankalandira n'kuiika pansi. Ndikamupatsa mutu wanga ankayang'ana kwina. Anyani aja sanachedwe kuzindikira kuti choyeracho sichisuntha, anayamba kutsika n'kumadya chinangwa mbali zonse, kumangolambalala mwalawo patali. Iye ali pakati, akuwayang'ana akudya.

Alamu anati mlonda wayamba ulesi. Anayesa kumuponya miyala kuti athamange, anangobisa nkhope. Ndiye Loweruka lina anabwera ndi agalu awo. Ine ndinali paloji ndikuchapa, ndinangomva kwa akazi awo pobwerera, akundiuza uku akusenda chinangwa, akuti sizinatenge nthawi, sanakwere ngakhale mumtengo.

Chikopa anachisenda bwinobwino, poti penti anali atachilimbitsa. Anachikhomera pamtanda wa nsungwi pakati pa minda, mphepo ikaomba manja aja n'kumagwedezeka. Chimenecho ndiye anyani anachiopa kwambiri, sanatsikenso mpaka mvula inabwera n'kuchiwoletsa. Chinangwa tinakolola chambiri chaka chimenecho, tinaviika m'nyanja mpaka malo kusowa. Amayi ako anali kamtsikana koonda nthawi imeneyo, ananenepa ndi kondowole ameneyo.