Buku la Makilo Atatu

Lachisanu lapitali mlamu wanga, a Fulujensio a ku Chimwankhunda, anakayesedwa ntchito pa fakitale ina ku Makata. Mayeso ake anali olemba pulogalamu ya kompyuta m'chilankhulo cha Python. Ntchito anayamba kuisaka mwana wawo ali kumsana. Pano mwanayo ali Sitandade 4.

Mwezi watha ndinawaperekeza ku Limbe kukagula buku, kwa bambo wina woyala mabuku a kaunjika pakhonde la sitolo. Alamu sanatsegule ngakhale limodzi. Ankangolinyamula n'kuliyeza m'manja ngati kabichi. Mabuku awiri atafanana, anabwereka sikelo kwa mayi wogulitsa mpunga. Lopambana linakwana makilo atatu. Ndinaona ndi maso angawa, wokayika akafunse mayiyo.

Ndinawanong'oneza kuti aone chaka chimene linasindikizidwa, poti zilankhulo za kompyuta zimasintha kuposa mafashoni a ma suti. Wogulitsa mabukuyo anandimva.

"Abwana, nzeru si tomato kuti ziwole," anatero.

Alamu anagwedeza mutu ngati amva ulaliki.

Kunyumba analikuta ndi pepala la khaki, pamwamba pulasitiki. Kenako anagula hadikava n'kuyamba kukopera mapulogalamu onse ndi bolopeni, mitu yake akuidula mzere ndi rula. Laputopu yobwereka inakhala pa kabati, itafundidwa kansalu koluka kuti isalowe fumbi. M'mawa uliwonse ankaloweza mokweza mawu ngati katekisimu, mpaka nkhuku ya aneba inadziwa mutu wachiwiri. Sindikukokomeza, ndinaimva ndekha.

Musaseke, inu. Si mmene tinaphunzirira tonse? Buku timaliopa ngati apongozi. Likakhala lonenepa timati lanzeru. Likakhala ndi chidindo cha laibulale ya kunja timaligwadira, osafunsa chifukwa chimene eni ake analitayira. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Buku labwino la ntchito imeneyi ndi laposachedwa, ndipo silikulola kukhala phee. Tsamba lachitatu lisanathe lakutuma kale pa kompyuta: lemba ichi, ona chalakwika, konza. Limathimbirira ndi zala. Ngati mwafika mutu wachisanu kompyuta isanakukaneni ngakhale kamodzi, mukuwerenga nthano.

Tsono Lachisanu lija oyesa a ku fakitale kuja anawakhazika pa kompyuta. Alamu anapempha pepala. Atawakaniza, anaimirira n'kulakatula mutu wachinayi wonse pamtima, osaphonya ngakhale kadontho kamodzi. Mmodzi mwa oyesawo akuti anagwetsa misozi. Kenako anawapempha kuti alembeko mizere isanu yokha. Kompyuta inakana isanu yonse, poti kalembedwe kameneko kanasiyidwa kalekale.

Ntchito anaitenga mayi wina wa ku Soche, amene kabuku kake kanali kopyapyala, kothimbirira, kokwana m'kachikwama.

Dzulo alamu anandiimbira foni. Akuti vuto alipeza: bukulo linali losakwanira, ndipo amva kuti ku Limbe kwafika lina la makilo asanu.

Nanga inu, buku lili pa kabati panulo, munaligula kuti likuphunzitseni kapena kuti alendo akuopeni?