Fumbi la Minibasi pa Ndege Yanga

Ndili ku Chelstone ndinkakonda masewera oyendetsa ndege pakompyuta, makamaka kupenta ndegezo. Chithunzi chake chimakhala chosanjikizana: utoto pansi, zolemba pakati, litsiro pamwamba, ndipo chilichonse umatha kuchibisa pachokha.

Loweruka lina ndinapenta ndege kuti ifanane ndi minibasi imene alamu anga ankayendetsa. Ndinaika mzere wa olenji m'mbali, kenako fumbi la mu Okutobala mpaka kumchira. Alamuwo atabwera kudzationa, ndinawaonetsa ndegeyo monyadira.

Anakwiya. "Mulamu, basi yanga nimatsuka m'mawa uliwonse!"

Ndinadina kamodzi, fumbi lonse n'kuchoka. Anaiyang'anitsitsa ndege yonyezimirayo, kenako anayang'ana manja awo osweka ndi sopo.

"Bwezelanipo fumbi," anatero. "Iyi ioneka monga siinasebenzepo ntchito."