Mkazi Wamng'ono pa Tsiku la Mgonero

Dzina lakuti Nasingano anam'patsa ndi azimayi akutchalitchi, chifukwa mabulauzi oyera onse a gulu lawo anatuluka pa makina ake. Amasokera pakhonde la sitolo ya zitsulo, pakati pa wokonza mawotchi ndi wosoka nsapato. Kolala yake imagona bwino pakhosi, ngakhale pakhosi pa mayi wonenepa. Koma iye mwini bulauziyo sanavalepo, ndipo Mgonero wa Ambuye wakhala osadya zaka khumi ndi zinayi. Ndi mkazi wachiwiri.

Sanalowe mitala mwadala. Dalaivala wa lole anamuuza kuti banja lake loyamba linatha kalekale, ndipo zoona zake zinadziwika mimba itaoneka kale. Paja amati mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda. Akulu a mpingo anamuika pa chilango, n'kumuuza kuti akafuna kubwerera ku gome la Ambuye asiye mwamunayo. Amusiye apite kuti ndi ana atatu? Njira yachiwiri sanaitchule, koma aliyense ankaidziwa: mkazi wamkulu akadzamwalira, iye adzatsala yekha, adzadalitsa ukwati, nkhani ithere pompo.

Ndikuuzeni, mumpingo monsemo munalibe Mkhristu wakhama ngati iyeyu. Kusesa ndi iye, kuzonda odwala ndi iye, mavesi ankaloweza mwendo ukupalasa makina. Koma likafika Lamulungu la Mgonero, anthu n'kumadzuka mzere ndi mzere kupita kutsogolo, iye ankatsala pabenchi yakumbuyo pamodzi ndi ana ndi zidakwa. Zinkamuwawa, ndipo sanazizolowere.

Chaka chatha mkazi wamkulu uja anagwa kubafa, mbali yakumanja n'kufa. Nkhaniyi inafika pakhonde paja ndi mkazi wa mkulu wa mpingo, amene anabwera kudzafupikitsa siketi.

“Kuona maso a nkhono n'kudekha, Nasingano,” anatero monong'ona, akum'tsina pamkono. “Yamba kudziyeza bulauzi.”

Nasingano anakondwa. Tisanamizane, anakondwa, mpaka mtima unagunda ngati wa mtsikana. Mayi uja atangochoka, Nasingano anachita mantha. Anayesa kupemphera, mawu osatuluka. Apemphe kuti wodwalayo achire, ndiye kuti akudzitsekera yekha chitseko. Apemphe zinazo, ndiye kuti akupempha Mulungu kuti amuphere munthu. Masiku atatu ankangosuntha milomo.

Tsiku lachinayi anavundikira makina n'kupita. Sichinali chikondi ayi, ankangoopa mtima wakewo. Wodwalayo anam'peza yekha m'chipinda cha zenera limodzi, fungo lili guu, mankhwala atatayikira pansi pa bedi. Mwamuna anali paulendo monga mwa masiku onse, ndipo ana a mayiyo amakhala kutali, amangoimba foni.

“Wadzaona ngati ndatha?” anafunsa mkazi wamkuluyo, pakamwa patapotoka.

“Ndadzakusambitsani, akulu.”

“Madzi asatenthe kwambiri. Ndimakudziwa iwe.”

Kuyambira pamenepo moyo wake unakhala wa zipinda ziwiri. M'mawa ankatembenuza wodwalayo, kuchapa zofunda ndi kum'dyetsa. Masana ankathamangira ku makina, madzulo n'kubwereranso kudzawongola mkono wakufawo kakhumi, monga anamuonetsera namwino. Makasitomala ena anatopa n'kupita kwa atelala ena. Wodwalayo naye sanali wophweka. Tiyi akazizira ankamulavula, ndipo akakwiya ankamutcha wakuba amuna. Nasingano ankameza mate, n'kupukuta.

Chimene chinkamuzunza sichinali chipongwecho. Sipuni iliyonse imene mayiyo ankameza, iye ankadziwa kuti Mgonero wake ukutalikira. Tsiku limene chala chachikulu cha dzanja lakufalo chinagwedezeka, anatuluka panja n'kulira kuseri kwa bafa, osadziwa kuti akulirira chiyani. Kusiya sakanatha, kupitiriza kunkamupweteka.

Azimayi a mabulauzi oyera ankabwera kamodzi pamwezi, kuimba nyimbo ziwiri, n'kutuluka atagwira mphuno. Panjira ankati Nasingano ndi wochenjera, akufuna nyumbayo. Ena ankati ndi chitsiru chodzikumbira dzenje. Anthu inu, pakamwa!

Tsiku lina akumupaka mafuta kumsana, mkazi wamkuluyo anafunsa osatembenuka:

“Unkadikira kuti ndife, eti?”

Nasingano anaimitsa dzanja. Bodza linali pafupi, koma anatopa nalo.

“Eya. Ndinkadikira.”

“Nanga pano?”

“Masiku ena ndimadikirabe. Ndimauza Ambuye kuti mtima wanga ndi womwewu, aukonze okha.”

“Inenso ndinkapempha kuti lole ija ikugunde,” anatero mayiyo. “Paka m'munsimo, pakuyabwa.”

Patatha miyezi isanu ndi itatu anayamba kuyenda, phazi likukhukhuluzika, thupi lonse litatsamira pa phewa la Nasingano. Ndipo anati akufuna kukadya Mgonero. Iye analibe mlandu ndi mpingo, anali mkazi wa ukwati woyera.

Lamulungu limenelo, kwa nthawi yoyamba pa zaka khumi ndi zinayi, Nasingano anadzuka pamodzi ndi anthu n'kulowa pamzere, mkono wake uli m'chiuno mwa mkazi mnzake. Tchalitchi chonse chinali maso pa iwo. Anafika kutsogolo, pafupi penipeni ndi gome, mpaka anamva fungo la mkate. Mkulu wa mpingo anabwera ndi mbale. Dzanja la wodwalayo linkanjenjemera, choncho Nasingano anatola yekha kachidutswa ka mkate n'kumuika mkamwa. Anatenganso kachikho, kum'mwetsa, n'kum'pukuta chibwano ndi mpango. Mkuluyo anayang'ana Nasingano, kenako anayang'ana abusa, n'kusuntha mbale kupita kwa munthu wotsatira.

Anatembenuka pang'onopang'ono kubwerera. Misozi ya Nasingano inkafuna kutuluka. Atayandikira pakhomo, mkazi wamkuluyo anamukoka khutu ndi dzanja lamoyolo.

“Adokotala akuti mtima wanga ndi wolimba, ndikhoza kukhala zaka zina makumi awiri. Udikira kwambiri, mng'ono wanga.”

“Ndidikira,” anatero Nasingano. “Kwezani phazi, akulu, pali sitepe.”