Mkazi wa Chule

Ku San Telmo chithunzi cha pa kanema chikangoyamba kunjenjemera, anthu sankavutika n'kukadandaula. Ankangosuzumira pazenera kuona ngati doña Hermencia Quiroga wadutsa kale. Kawirikawiri ankapeza kuti wadutsa, epuloni ili m'chiuno, ufa wa arepa, zitumbuwa zachimanga za kwathu kuno, uli mbuu m'manja, akukwera chitunda cha ku ofesi ya kanema ngati munthu amene mbuzi zamulowera m'munda.

Mayiyu sankadziwa kukhala pansi. Khofi ankamwa ali chiimire, misa ankaimvera pafupi ndi khomo, ndipo ngakhale pogulitsa ma arepa ake pakona ya msika, diso limodzi linkakhala pa zingwe zodutsa pamwamba pa msewu. Kanema wa m'tauni mwathu ndi wa ife eniake. Makolo athu ndiwo anasonkherana n'kugula dishi yaikulu ija ya paphiri, n'kukoka zingwe khomo ndi khomo mpaka kuminda ya khofi kumtunda. Mamembala amasankha komiti yoyang'anira, kuti ogwira ntchito ku ofesi asaiwale kuti bwana wawo ndani. Hermencia ankapambana chisankho chilichonse. Sikuti ankakondedwa kwenikweni ayi. Anthu anangoona kuti pakamwa potere ndi bwino pakhale mbali yako.

Ndipo ntchito ankaigwira, tisaname. Ndiye anakakamira kuti misonkhano ya khonsolo izioneka yonse pa tchanelo chathu, osadula pamene meya wachita chibwibwi. Ndiyenso anamenyera nkhondo Nthawi ya Mamembala, ija ya masana aliwonse, pamene membala aliyense amakhala kutsogolo kwa kamera n'kunena za kukhosi, kaya za galu wosowa, kaya za dzenje la pamsewu, popanda womudula mawu. Mawu ake a tsiku ndi tsiku, amene ngakhale ana ankamuyeseza nawo, anali akuti, "Lamulo silisintha popanda msonkhano."

Koma munga wake unali kunyumba. Mwamuna wake, Evelio Rangel, ankayendetsa jipi yakalekale yonyamula anthu, nkhuku ndi matumba a khofi kuchokera kumapiri. Ali mwana anagwera m'thanki yotsukira khofi, n'kutulukamo akudumphadumpha maso ali tong'o, ndipo kuyambira tsiku limenelo anakhala Chule. Kumtunda konse jipi ankaiimitsa pokuwa kuti "Chuleee!" Bambo mfumu ankati Chule. Mwini wake ankanyadira nalo dzinalo, mpaka hutala ankaiimba kawiri mofupikitsa kuti imveke ngati kulira kwa m'dambo.

Hermencia dzinalo linkamuwawa mpaka m'mafupa. Iye anali mwana wa mphunzitsi, ndipo sanakwatiwe kuti azitchedwa mkazi wa Chule pamsika. Zaka zonse za banja lawo sanalitulutsepo pakamwa pake. Munthu akagogoda n'kufunsa Chule, ankamuyankha ali pakhomo pomwepo, "M'nyumba muno mulibe dziwe. Ngati mukufuna don Evelio, nenani."

Kwathu kuno palibe amene amapulumuka dzina losereula. La pa chiphaso limakhala m'kabati, limatuluka pa ubatizo, pa ukwati ndi kubanki basi. N'chifukwa chake uthenga wa maliro pa tchanelo chathu unkalembedwa mayina awiri kuyambira kale: la pa chiphaso pamwamba, lodziwika nalo pansi pake, zilembo zikuluzikulu. Anthu a kumtunda, amene belu la tchalitchi salimva, ankawerenga lapansilo n'kuyamba kufunafuna nsapato.

Ndiye kunabwera woyang'anira ofesi watsopano, Fabián Rueda, mwana wa konkuno amene anakaphunzira kumzinda. Anali wakhama, ndipo mawu a pa misa amene ankamveka ngati akuchokera m'mgolo anawakonza sabata yoyamba. Tsiku lina pamsonkhano wa komiti anabweretsa ganizo loti dzina lapansi lija lisamalembedwenso.

"Masiku ano tchanelo chathu achibale akuchionera ngakhale kunja," anatero. "Munthu wamwalira, ana ake akulira ku Spain, ife n'kulemba kuti Mphuno ya Mbatata? Ulemu uli pati pamenepo?"

Don Arcesio, wapampando, anakanda mutu. Ena anayamba kung'ung'udza. Koma Hermencia anali ataimirira kale. Analankhula za ulemu wa akufa mpaka madalawo anachita manyazi, manja anakwera, lamulo linadutsa. Madzulo ake anatsika chitunda mopepuka, akuona ngati wazula munga wa zaka zambiri.

Evelio, amene mkazi wake ankamuitana kuti Mencha, anangoseka atamva. "Mwachita bwino, Mencha. Tsopano akufa azilowa kumwamba chiphaso chili m'thumba."

Woyamba kumwalira lamulo litayamba anali mkulu wina wowotcherera mapoto, amene tauni yonse inkamudziwa kuti Chipewa, chifukwa palibe anamuonapo mutu. Pa kanema panalembedwa kuti Gumersindo Pinzón Ardila, pambali pake chithunzi cha pa chiphaso, cha mnyamata wa tsitsi lambiri. Kumtunda anthu anayang'ana, anati Mulungu amulandire mlendoyo, n'kubwerera kukathyola khofi.

Kumanda kunafika anthu ochepa zomvetsa chisoni. Onyamula bokosi sanakwane, mpaka Evelio, amene mtima unali utayamba kale kumuvuta, anaikapo phewa, ndipo anachita kuitana amuna awiri amene ankapenta mpanda wa sukulu. Potuluka, mkazi wa malemuyo anaima kutsogolo kwa Hermencia. Sanakuwe ayi.

"Doña Hermencia, ulemu wanu uja ndi umenewu?"

 Hermencia anadziwa tsiku lomwelo kuti walakwitsa, ndipo anadziuza kuti akakonza pamsonkhano wotsatira. Koma khofi anali atapsa. Nyengo yothyola ikafika kwathu kuno, ngakhale wodwala malungo amadzuka n'kumanga dengu m'chiuno. A komiti ambiri anali kuminda, ndipo msonkhano unkangokankhidwa.

Chaona mnzako chapita. Evelio anagona ndi matenda a mtima aja. Jipi inaima pabwalo, nkhuku zinayamba kuikira pampando wake, iye ali pabedi kuonera tchanelo chathu kuyambira misa ya m'mawa mpaka mpira wa ana asukulu. Tsiku lina Hermencia akumukonzera mtsamiro, anamugwira dzanja.

"Mencha, mukadzandiika pa kanemapo, mudzalemba ndani?"

"Takhalani chete, madala inu. Simunafe."

"Ndikufunsa bwinobwino. Evelio Rangel ameneyo ngakhale ine sindimudziwa kwenikweni. Timangokumana kubanki, moni wake wa patali."

"Imwani mankhwala."

"Kufa sindikuopa," anatero, nthabwala zitamuthera. "Ndikuopa kunyamulidwa ndi anthu obwereka, ngati mnzanga uja."

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Hermencia anasiya ma arepa akupserera pachiwaya n'kuthamangira kusitolo kwa don Arcesio. Anamupeza akuyeza misomali.

"Don Arcesio, lamulo la mayina lija lichoke. Lero."

"Ine ndinalikana kuyambira pachiyambi, doña. Koma pandekha ndingatani?"

"Ndinu wapampando! Uzani Fabián basi."

Mkuluyo anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Lamulo silisintha popanda msonkhano. Anatiphunzitsa ndinu."

Masiku otsatira anthu ankamuona paliponse. Anakwera njinga yamoto ya mwana wa mchemwali wake mpaka kuminda, siketi atakwinyira m'maondo, kusaka a komiti mmodzimmodzi m'mizere ya khofi. Aliyense ankavomera. Aliyense ankati inde doña, tikangomaliza kuthyola, Lamlungu loyamba. Mmodzi anamupatsa nthochi kuti akapatse wodwala, n'kunena kuti, "Mukamupatse moni Chule." Hermencia anabwerera ali ndi matope mpaka m'mawondo, wokwiya ndi mvula, ndi khofi, ndi iye mwini. Kunyumba ankalowa n'kutuluka, kusesa posesa kale, kuyang'ana wodwala, kuyang'ana phiri. Mantha anali atamugwira, ndipo analibe woti akangane naye kuti achepe.

Evelio sanadikire Lamlungu la a komiti. Anatisiya m'mawa wina dzuwa litangotuluka, kanema akuonetsa misa. Maliro anali a mawa lake.

Hermencia anasiya azimayi akukonza m'nyumba n'kukwera chitunda chija. Ulendo uno sanathamange. Fabián anaimirira atamuona, maso ali ofiira, pakuti nayenso anakulira pa jipi ija. Uthenga anali ataulemba kale: Evelio Rangel Duarte, ndi chithunzi cha tsiku la ukwati atavala tayi.

"Onjezerani linalo pansipo," anatero Hermencia.

"Liti, doña?"

"Mukulidziwa."

Fabián anapukusa mutu pang'onopang'ono. "Ndikaonjezera la amuna anu, mkazi wa malemu Gumersindo ndikamuuza chiyani? Kuti lamulo limagwira owotcherera mapoto okha? Inu nomwe mukanandiimika pamsonkhano ndikanachitira wina zimenezi."

Ankanena zoona, ndipo palibe chowawa ngati zoona zochokera kwa mwana amene unamuona akukwawa.  Kenako Hermencia anamva belu la tchalitchi likuimba masana. Kuchipinda chinacho, kuseri kwa galasi, nyali ya kamera inayaka. Inali Nthawi ya Mamembala, ndipo pampando wa kutsogolo kwa kamera panali patakhala kale mlimi wina amene bulu wake anasowa.

Mlimiyo atamuona mayiyu pakhomo, anavula chipewa n'kudzuka yekha. "Khalani, doña. Bulu adikira."

Zaka zonse zimene anamenyera mpando umenewo, Hermencia anali asanaukhalepo. Unali wolimba, ndipo nyali inkamutentha pachipumi. Anadziona yekha pa kanema kakang'ono ka pambali, nkhalamba yosapesa, kolala yopindika. Fabián anaima kuseri kwa galasi manja ali kumbuyo. Pamenepa analibe mphamvu yodula munthu, ndipo onse awiri ankadziwa amene anakonza zimenezo.

"Ndabwera kudzanena kuti mwamuna wanga, don Evelio Rangel, wamwalira lero m'mawa," anayamba.

Anaima. Anawaona m'maganizo anthu a kumtunda, atabwera kudzadya masana, madengu ali pakhonde, akuyang'ana kanema chakudya chili m'kamwa, akufunsana kuti ameneyo ndiye uti. Panatsala dzina lija, limene anali asanalitulutsepo pakamwa pake. Anagwira m'mphepete mwa mpando.

"Anthu a kumtunda, tasiyani kaye mbale. Wamwalira Chule."

Mawu anatuluka. Atatuluka kamodzi, anapitiriza okha.

"Chule wa jipi. Amene ankakunyamulani ndi nkhumba zanu zomwe, amene ankakudikirani pamlatho mvula ikugwa. Tikamuika mawa, ikatha misa ya m'mawa. Ankaopa kuti adzanyamulidwa ndi anthu obwereka. Chonde, khofi sathawa tsiku limodzi." Anapukuta mphuno ndi epuloni, pamaso pa tauni yonse. "Komanso mnyamata wa tsitsi uja munamuona pano tsiku lija, wotchedwa Gumersindo, anali Chipewa. Chipewa anapita, tinamuika opanda inu. Pobwera mudzere kwa mkazi wake."

Anadzuka osatsanzika n'kutsika chitunda. Usiku wa maliro m'nyumba munali oyandikana nawo ndi achibale basi, ndipo Hermencia ankangotuluka panja kuyang'ana njira ya kumapiri, ngakhale kunalibe choti aone.

M'mawa mwake, misa isanayambe, kunamveka hutala kumtunda. Kawiri, mofupikitsa. Inayankha ina kumlatho, kenako ina. Majipi anatsika atadzaza mpaka padenga, ena pa njinga zamoto atatuatatu, ena wapansi, nsapato za kumunda zikadali ndi matope. Ambiri anayamba aima pakhomo pa mkazi wa Chipewa, ndipo anabwera naye limodzi. M'tchalitchi malo anatha, anthu anadzaza pabwalo mpaka pakona pamene Hermencia amagulitsira.

Potuluka, bokosi linatsala pang'ono kuyambitsa ndewu. Aliyense ankafuna phewa lake likhudzepo.

"Tapatukani, compadre, mwanyamula kokwanira!"

"Iwe unamukwera liti Chule? Ine anandinyamula tsiku la ukwati wanga!"

"Ukwati womwe uja unatha? Bwera kuno ndigwireko!"

Hermencia anayenda pambuyo pawo mpaka pachipata cha manda. Pamenepo anakhala pa benchi ya simenti, manja pamiyendo, osayang'ana chingwe chilichonse. Analira momasuka, anthu akudutsa.

Gogo wina wa kumtunda, wamfupi, wa ndodo, amene Hermencia sanamuonepo, anayenda m'gulumo akukoka anthu malaya. Anali atanyamula kamtolo ka maluwa a kumunda.

"Ndati, mkazi wa Chule ndi uti?" ankafunsa mokweza, monga amachitira osamva bwino.

Azimayi a pamsika amene anali pafupi anayang'anana, akudikira yankho la dziwe lija. Hermencia anapukuta maso n'kukweza dzanja.

"Ndine, mayi. Bwerani mukhale apa."