Masewero a Malume Pansi pa Matimati

Malume anga, a Alufeyo Tikhala, ndi telala pa Namadzi. Makina awo ali pakhonde la sitolo, moyang'anizana ndi pamene ine ndimagulitsira matimati, ndiye tsiku lonse ndimawaona. Amasoka bwino. Koma mukawafunsa ntchito yawo amati ndi mlembi wa masewero, kusokaku n'kongodikirira.

Sanama kwenikweni. Zaka khumi ndi ziwiri zapitazo analembera sewero gulu la zisudzo la kumpingo kwathu, cha ku Magomero, ndipo anthu amalikumbukirabe. Chilembereni limenelo sanamalizenso lina. Sikuti nkhani zinkawasowa. Munthu akabwera kudzayezetsa buluku n'kuwauza za mkangano wa kwawo, malume ankaimitsa makina, kutenga pepala la thumba la simenti, lija amadulira mapatani, n'kuyamba sewero latsopano. Masamba atatu kaya anayi, kenako wabwera kasitomala wina ndi nkhani ina.

Chaka chatha mu Okutobala, Lachitatu lina, kunafika mayi Angella Levi, mtsogoleri wa gulu lija. Anakana mpando.

"Bambo Tikhala, msonkhano wa achinyamata watsala milungu itatu. Loweruka 2 koloko tikukumana kutchalitchi. Mukabweranso ndi sewero lopanda mathero, titenga la aphunzitsi a Trevor, ndipo mlembi wathu akhala iwowo."

"Ndili nawo ambiri, mayi."

"Ndikudziwa. Ine ndikufuna limodzi."

Atachoka ndinawoloka msewu. Malume anali atakhuthulira thumba lawo pansi, akutola pepala ili, kulisiya, kutola lina. Ndinawerenga: masewero asanu ndi anayi, onse oyamba, lomaliza palibe.

"Malume, mwatsala ndi masiku atatu. Mulemba liti?"

"Ndikagwira ili, lija likundiitana. Iwe Thandie sungamvetse. Onsewa ndi ana anga."

Za masewero sindidziwa, koma za katundu wochuluka ndimadziwa. Dengu la matimati likafika, sindiyala onse. Ndimaika milu itatu: akupsa, oyamba kufiira, ndi aawisi. Akupsa amapita patsogolo lero lomwe. Aawisi amabwerera pansi pa dengu, chifukwa kasitomala akaona zambiri amangofinya ili, kufinya lija, n'kuchoka osagula.

Ndinayala thumba pakhondepo. "Ndiuzeni lililonse, muli anthu angati ndipo lafika pati."

Anandiuza monyinyirika. Asanu ndi limodzi anali aawisi zedi, tsamba limodzi kapena awiri. Awiri anali pakatikati. Limodzi linali ndi masamba khumi ndi anayi. Linkanena za abale awiri olimbirana mzere wa nandolo wa m'malire a minda yawo, aliyense akuti malemu bambo awo anabzalira iye. Linkangosowa gawo lomaliza.

"Lakupsa ndi ili," ndinatero. Asanu ndi atatu enawo ndinawapinda n'kuwanyamula.

"Ukupita nawo kuti?"

"Mudzawaona Lolemba."

Ndinkadziwa kuti kunyumba akawapeza. Ndiye ndinawayala pansi penipeni pa dengu, n'kuthira matimati pamwamba. Ndinadziyamikira kuti ndachenjera.

Lachinayi makina anali zii. Malume anakhala chiweramire papepala. Masana munthu wa kabaza anayamba kuwafotokozera za mbuzi imene inadya kalata ya ukwati, ndipo ndinaona dzanja lawo likufufuza pepala latsopano. Ndinakhosomola kuchokera tsidya lino. Analibweza dzanjalo.

Lachisanu madzulo anabwera pamalo panga, maso ali psuu.

"Thandie, ndipatse pepala limodzi lokha. Lija la mayi wobwerera kumudzi kuchokera ku Blantyre."

"Ayi, malume."

"Mathero anga ali mmenemo. Mayi ameneyo ndi mlongo wa abale aja. Ndinalemba kale, koma sindinkadziwa kuti ndi sewero limodzi."

"Mwayamba kuchenjera. Ndikakupatsani limodzi, mawa mufuna onse."

Anabwerera kumakina awo.

Loweruka 11 koloko itakwana ndinapita kukasuzumira. Tsamba la khumi ndi chisanu linali ndi mutu wokha: Gawo Lomaliza. Pansi pake panalibe chilichonse. Apa m'pamene ndinayamba kuwerengera nthawi. Kupita kutchalitchi pa kabaza ndi theka la ola. Malume anatsala ndi maola awiri ndi theka, ndipo mwina ankanena zoona za mathero aja.

Ndinathamangira kudengu n'kuyamba kutulutsa matimati. Ndisanafike pansi, fungo linandiuza kale. Kutentha kwa masiku atatu kunaphulitsa apansi, madzi ake n'kulowa m'mapepala. Anali atamatana ngati chikondamoyo. Ndikamatula, ankang'ambika. Inki inali itafalikira paliponse.

Ndinawanyamula choncho, akudontha, n'kuwaika patebulo la makina.

"Malume, ndalakwa."

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anatenga lumo losokera n'kuyamba kulekanitsa masamba pang'onopang'ono. Sewero la wa kabaza wina ndi mkazi wake linapita. La mlaliki woopa agalu linapita. Zaka khumi ndi ziwiri za nkhani zinasanduka phala. Pa pepala la mayi wa ku Blantyre panatsala mizere iwiri yokha kumwamba, pamene madzi sanafike. Anaiwerenga motsitsa mawu:

"Nandolo ameneyu ndinabzala ndine. Inu awiri munali kumpira."

Wotchi ya m'sitolo inali pa 12 koloko.

"Zotsatira zake mukuzikumbukira?" ndinafunsa.

"Ayi."

"Nanga titani?"

"Choka, ukundiphimbira kuwala."

Anakoka tsamba la khumi ndi chisanu n'kuyamba kulemba. Panalibenso pepala lina loti liwaitane. Ine ndinaima pamasitepe n'kumabweza makasitomala awo. Mayi wina wofuna diresi lake anandinena kuti ndine wamwano, ndinangovomera. Matimati anga anali mbwee tsidya lija, osayang'anira aliyense. Itakwana 1 koloko anali pa tsamba lachiwiri. Hafu pasiti wanu ndinaitana akabaza awiri. Malume anakwera cholembera chili pakamwa, ndipo panjira anaimitsa njinga kawiri kuti alembe atatsamiritsa pepala pachishalo.

Tinafika mphindi makumi awiri zitapitirira. Pansi pa mtengo wa mango, achinyamata anali atagawana kale mapepala a aphunzitsi a Trevor, otayipidwa bwino, omangidwa ndi waya. Malume anapereka awo a simenti, ena ali ndi madontho ofiira.

"Mwachedwa, bambo Tikhala," anatero mayi Levi.

"Ndachedwa, mayi."

Mayi Levi sanayambire kutsogolo. Anatembenuza mulu wonse n'kusolola tsamba lomaliza. Anawerenga ataimirira. Penapake anaseka pang'ono m'mphuno. Atafika pansi anayang'ana kuseri kwa pepalalo, ngati akufuna kuona pamene nkhani yathawira.

"Latha?"

"Latha."

Analipereka kwa aphunzitsi a Trevor, amene anawerenga n'kunena kuti, "Ine mundipatse malo a mkulu wa abalewo. Langa lidikire Khirisimasi."

Pobwerera malume sanandilankhule, ndipo anatha mlungu wathunthu osandipatsa moni. Masewero asanu ndi atatu aja sanabwererenso, ndipo ndikudziwa kuti awiri mwa iwo amawadandaulabe.

Lolemba lachiwiri anawoloka msewu ali ndi pepala lopinda. Inali nkhani ya mbuzi ija.

"Ili ndi laliwisi," anatero. "Sunga. Koma m'jumbo, wamva? Ndipo ndikanena kuti ndikulifuna, uzindifunsa kaye chifukwa chake usanakane."

Pano ndikusunga anayi, m'jumbo, pamwamba pa denga la benchi langa. Pa makina pali limodzi lokha, ndipo dzulo linali pa tsamba lachisanu ndi chinayi.