Kavalo wa ku Jeremani

Amayi ankagulitsa salaula, zovala za kaunjika zija, pa msika wa Lundazi. Akamasula belo, nthawi zina m'matumba a majekete munkapezeka tiakavalo ta pulasitiki ta tsitsi lopeseka. Ndinali nato tisanu, tonse tolembedwa kuphazi kuti Hong Kong.

Mnzanga Tamara, amene bambo ake anachokera ku Kasungu kudzalima fodya, anali ndi kamodzi kokha. Koma kanali kachikasu, ka maso aakulu, kolembedwa kuti Italy. Ndinkakalakalaka mpaka kudwala nako mtima.

Tsiku lina ndinatenga kanga koyera, n'kukwecha phazi lake pa simenti kuti zilembo zifufutike. Kenako ndinakapaka jivi, mankhwala apepo aja a zilonda.

"Aka n'ka ku Jelemani," ndinamuuza. "Kumeneko akavalo onse ndi apepo."

Tinasinthana pomwepo.

M'mawa mwake Tamara anafika kusukulu zala zonse zili pepo. Anali atakasambitsa ndi sopo, ndipo milomo yake inkaonetsa kuti anakapsompsonanso. Kalasi yonse inamuseka, koma iye sananditchule.

Pa buleki anandifunsa monong'ona, "Iwe Wezi, ku Jelemani nakonso kuli jivi?"

"Yambili," ndinayankha, maso ali pansi.

Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kungoti, "Chabwino. Nizakasunga."

Fodya atatha, anabwerera kwawo osandipempha kake. Mpaka lero kali pa kabati panga, tsitsi litathothoka. Ana anga akandifunsa kumene ndinakatenga, ndimangoti, "Ku Italy."